Kuvotera Republican sikusintha khungu

A mlembi, mwanena kuti munthu wakuda wa ku America amene amavotera chipani cha Republican wagulitsa mtundu wake. Apa ndiye sindikugwirizana nanu. Kumbukirani mu Meyi 2020 pomwe a Joe Biden a chipani cha Democrat anauza muulutsi wakuda Charlamagne tha God pa wailesi kuti wakuda amene akukayika posankha pakati pa iwo ndi a Trump si wakuda. Anapepesa tsiku lomwelo, koma mawuwo anaulula zomwe ambiri amaganiza chamumtima, zoti voti ya anthu akuda ili kale m'thumba. Chaka chotsatira, a Tim Scott, seneta wakuda wa Republican wa ku South Carolina, atayankha zolankhula za a Biden, anthu pa Twitter anangowatcha "Uncle Tim", ngati kapolo wonyambita mbuye wake. Mfundo za a Scott sanazikhudze n'komwe.

Inde, mbiri ilipo. Akuda ambiri anachokeratu ku Republican mu 1964, a Barry Goldwater, omwe ankaimira chipanichi pa chisankho cha pulezidenti, atatsutsa lamulo la ufulu wa anthu lomwe pulezidenti Lyndon Johnson wa Democrat anasaina. Chilonda chimenecho n'chenicheni. Koma mayi wa mpingo wa Baptist ku Georgia, wodana ndi kuchotsa mimba, wotopa ndi misonkho pa saluni yake, mumuuza chiyani? Azingokhala duu poopa achibale?

Ifenso kuno tisadzinamize. Mlomwe wa ku Thyolo akavala nsalu ya tambala wakuda, kapena Mchewa wa ku Dowa akavala buluu, timangoti wadya chibanzi. Malume anga zinawaonekera pamaliro, anzawo mpaka anakana kudya nawo nsima m'mbale imodzi.