Za B12 zija ndiye ayi

Atolankhani, mwalemba kuti spirulina, ndere za m'madzi zomwe amagulitsa ngati ufa, imathandiza anthu osadya nyama kupeza vitamini B12, apa ndiye mwaphonya. B12 yambiri ili mmenemo thupi siliigwiritsa ntchito, ukamadalira imeneyo magazi azingochepa iwe uli phee. Mapuloteni alimodi, pafupifupi 60 peresenti, koma kasipuni kamodzi sikapitirira magalamu 3, ndiye mupezamo angati? China simunatchule nchakuti ikalimidwa m'madzi oipa imatenga mtovu, mercury komanso poizoni wa microcystin yemwe amaononga chiwindi, ndipo ufa wake umangooneka wobiriwira bwinobwino, ndi maso simungadziwe. Anzanga omwe muli ndi lupus (matenda oti chitetezo cha m'thupi chimalimbana ndi thupi lomwelo) kapena mukumwa warfarin (mankhwala oletsa magazi kuundana) funsani kaye adokotala, komanso muziona ngati paketiyo yalembedwa kuti idayezedwa ku labu.