Kafundidwe ka masiku asanu kandipusitsa

Abale anga ine nyengo ya kuno ku South Bend, mzinda wa ku Indiana ku America, yanditopetsa. Sabata yathayi kunafunda bwinobwino, pakati pa Januwale penipeni, foni ikuonetsa 50. Musadabwe, kuno amawerenga za Fahrenheit, 50 yawoyo kwathu ndi 10 basi, kuzizira kwa ku Dedza mmawa wa Juni kuja, koma azungu anatuluka ndi makabudula kumathamanga mbali mwa mtsinje wa St. Joseph ngati alandira bonasi. Snow yense amene anaunjikana pakhomo kuyambira Disembala anasungunuka, kapinga anaoneka, ine kutengeka mpaka ndinakatsukitsa galimoto madola 12 anga kuti mchere uchoke kunsi, paja mchere umene amawaza mumsewu kunowu umadya chitsulo ngati chiswe. Dzulo ndachapanso chijekete changa chachikulu chija nkuchiyanika ku bafa, ndimati chipumeko kaye.

Lero kudzuka, foni yasintha mawanga. Akuti masana mvula, usiku kuzizira kutsika pansi pa 32, mawa mwayi wa snow. Eti mwayi. Mwayi wake uti pamenepa?

Anthu amene simunakhaleko kuno mumaopa snow, koma snow payekha ndi munthu wabwino, umamuona, umatenga fosholo nkumukankhira kumbali. Mfiti yeniyeni ndi mvula imene imayamba kugwa kukadali kofunda kenako usiku nkuundana, chifukwa 32 ndi pamene madzi amasanduka mwala. Mmawa msewu umaoneka ngati wangonyowa, wakuda bii ngati tala watsopano, chikhalirecho ndi galasi. Chaka chatha zinandichitikira ndikuthamangira shifiti ya 6 koloko ku ntchito yosamalira okalamba ku Mishawaka, tauni yoyandikana nafe, ndaponda buleki pa mphambano galimoto osandimvera, inangopita yokha pang'onopang'ono ngati bwato mpaka kukagunda simenti ya mbali mwa msewu, limu kupindika, ine ndagwira chiwongolero ndikuitana amayi anga amene ali ku Ntcheu. A inshuwalansi anati madola 500 oyamba ndilipire ndekha, ndiye mwezi ndi mwezi ndimawapatsiranji ndalama anthu amenewa?

Ndiye pali nyanja. Ife yathu ija imatipatsa usipa ndi chambo, iyi ya Michigan imatipatsa mavuto. Madzi ake amasunga kutentha nthawi yaitali, makamaka kukafunda chonchi sakhala ataundana, ndiye chimphepo chozizira chochokera ku Canada chikadutsa pamwamba pake chimatola chinyezi chonse nkudzachikhuthula mbali yathu ino. A ku Chicago tsidya linalo kawirikawiri amapulumuka, mphepo imakhala yawapatsa nkhongo, ife ndi anzathu a ku Berrien Springs ndiye pamalo potayira. Choipa kwambiri snow wakeyo amagwa mwa kamzere, pano sukuona ngakhale galimoto ya kutsogolo kwako, ukayenda mphindi 15 kuli dzuwa phwee. Ndiye umuimbire bwana kuti ndichedwa msewu sukuoneka, iye ali pawindo kwawo akuona dzuwa, amangoti yendetsani bwino koma mufike. Ukachedwa akulembera poyinti, mapoyinti akachuluka ntchito yatha. Sindikuwada agogo amene timawasamalirawo, iwo kusamba ndi mankhwala sizidikira nyengo, koma mnzako wa usiku sangachoke iwe usanafike, amakulandira ndi nkhope ngati unamudyera ndiwo.

Landilodi naye wanditumizira kale meseji kuti musaiwale kanjira ka kutsogolo nkanu kokolopa snow, munthu akagwa pamenepo ndi mlandu. Lendi amalandira iye, msana wothyoka ndi wanga. Hita ndinaichepetsa masiku asanu aja ndikumati bilu ya gasi mwezi uno indimvera chisoni, pano ndaikwezanso, nyumba yake mawindo akale mphepo imalowa ngati kwawo.

Kumudzi ndiye osanena. Panopa tikusiyana maola 7, iwo 6 koloko mmawa akupita kumunda ine ndi 11 usiku ndangogona kumene, foni kulira. Mchemwali wanga, achimwene mwadzuka bwanji, kuno mvula yadula sabata ziwiri chimanga chayamba kufota, komanso feteleza wobereketsa sitinagule. Ndikumuuza kuti kuno mvula ikubwera ndipo ndikuiopa, iye kuseka, akuti mwadala inu achimwene mutitumizireko. Kenako akuti snow akagwa mujambule ana aone. Ana aone! Iwo akudziwa zoyera ngati matalala zimene timaimba kutchalitchi zija, sakudziwa kuti pakatha masiku awiri zimakhala zakuda ngati matope a mu msika wa Limbe, zosakanikirana ndi mchere ndi utsi, zimalowa mu nsapato mpaka zala kufa dzanzi. Ya feteleza ndatumiza ndithu, nanga nkutani, koma ndi imene ndimasungira matayala, amene ndili nawowa atha ngati chidendene cha patapata.

Panopa mvula yayamba kale kuwaza pawindo. Ndaimika mawaipa mmwamba kuti asamatirire pagalasi, alamu ndatchera 4 koloko kuti ndikapale galimoto, kathumba ka mchere katsala theka. Chijekete chija ndachigwira pompano, manja ake akadali onyowa.