Wansembe wa ku Seychelles uja anali katswiri wotsutsa, osati wolamulira

Abale, ambiri simumudziwa Wavel Ramkalawan koma nkhani yake ndaitsatira kwa nthawi ndithu. Ndi wansembe wa Anglican wa ku Seychelles, kadziko ka zilumba 115 komwe anthu ake onse sangafike n'komwe pa chiwerengero cha Mzuzu. Tili nawo limodzi mu SADC.

Bamboyu anayamba kudzudzula boma la chipani chimodzi la France-Albert René ali paguwa, nthawi yomwe kutsegula pakamwa kunali kuputa mavu. 1993 analowa mu palamenti. Kenako nkumaima pa upulezidenti, 1998 kuluza, 2001 kuluza, 2006 kuluza, 2011 chimodzimodzi, ndiye 2015 James Michel anamuposa ndi mavoti 193 okha. 193! Anthu osadzaza ndi tchalitchi chomwe. Anapita kukhoti, anakaluzanso, koma sanatumize anyamata kukaotcha matayala, anangobwerera ku kampeni mpaka 2020 anagwetsa Danny Faure, koyamba otsutsa kutenga upulezidenti kudzera m'mavoti chilandilireni ufulu mu 1976. Apa pokha chipewa ndimavula.

Koma ine maganizo anga ndi oti zaka zonse zija anaphunzira kutsutsa basi. Atakhala pampando zinthu zina anayesetsa, matuwalisiti anabwerera covid itatha, ndalama zinayamba kulowa, koma heroin anapitilira kumaliza achinyamata ndipo boma lake linalola a ku Qatar kumanga hotela pa chilumba cha Assumption pafupi ndi Aldabra kuja kuli akamba akuluakulu, anthu nkumadandaula iye osamva, yemwe uja ankanena anzake kuti samva.

Chondiseketsa kwambiri ndi cha 2023. Mtsogoleri wotsutsa Patrick Herminie, dokotala weniweni wachipatala, boma linamutsegulira mlandu wa ufiti. Ufiti abale, mu ulamuliro wa wansembe kkkk. Mlandu unathetsedwa, munthu anangotchuka nawo ulele, ndipo mu Okutobala 2025 yemweyo ndi amene anachotsa Ramkalawan pampando pa chisankho chachibwereza.

Ndikudziwa ena mwayamba kale kuganiza za kwathu kuno, m'busa kuwina 2020 nkutuluka 2025. Zaka zikufanana inde, koma musandiike mawu mkamwa, ine ndikukamba za Seychelles. Kungoti munthu anadikira zaka 22 kuti alowe State House, nkukhalamo zisanu zokha.