Mukugula zipolopolo zamphamvu kuti mukaphe nazo njovu m'nyumba?

Ndakwiya kwambiri, ndipo sindikhala chete. Loweruka ndinali kumunda kwa alamu anga ku Kasungu. Akuba anawathyolera nkhokwe kawiri, ndiye anayenda m'njira yake, kupolisi, chilolezo cha mfuti chinatuluka. Zimenezo ndilibe nazo mawu. Mfuti yake ndi shotgun, ija yomwaza njere za mtovu, ya saizi ya 12 bore, ya mpope umodzi, yopepuka ngati mpini wa khasu. Koma zipolopolo zimene anakagula! Anangofika kwa wogulitsa n'kunena kuti “ndipatseni zamphamvu kuposa zonse”, n'kubwera ndi za magnum, zija zamphamvu kwambiri, zotalika mamilimita 76.

Anaika katoni pachulu, n'kuwapatsa achemwali anga mfuti kuti ayese. Sanawauze kaimidwe kapena kagwiridwe. Achemwali anakoka, mfuti inawakankha paphewa mpaka anakhala pansi. Pofika madzulo phewa lonse linali bii, mkono osakwezeka. Alamu akuseka, akuti “ndiye mfuti imeneyo, mlamu.” Achemwali analumbira kuti sadzaigwiranso. Chonsecho alamu amagona kumsika wa fodya masiku angapo nyengo ikakwana, wotsala pakhomo ndi achemwali ndi ana. Ndiye mfuti munagulira ndani?

Safunsa anadya phula. Chipolopolo chimene simungathe kuchilamulira sichikutetezani. Mvetsani bwino. Mtovu umene ukutuluka kutsogolo ukachuluka, kukankha kwa kumbuyo kumachulukanso, ndipo mfuti ikakhala yopepuka zonsezo zimathera paphewa panu. Chipolopolo wamba cha mamilimita 70 cha 00 buckshot, chimene ena amachidziwa kuti SG, chimakhala ndi njere za mtovu 8 kapena 9, iliyonse yopitirira pang'ono mamilimita 8. Cha magnum cha mamilimita 76 chimanyamula njere 15. Kuchokera pakhomo la kuchipinda kufika pabalaza ndi mamita 5 okha. Njere 15 mukuzifuniranji pamtunda umenewo? Zilipo zolembedwa low recoil pabokosi, njere zake zomwezo koma liwiro lochepetsedwa, zimakankha mofatsa. Alamu sanafunse n'komwe ngati zilipo, akuti zimenezo n'za anthu amantha.

Munthu amene mfuti inamupweteka kamodzi amayamba kutsinzina asanakoke, amagwedeza mpope, amaphonya. Ndipo musanamizidwe kuti shotgun siiphonya chifukwa imamwaza. Pamamita 5 njere zimakhala zisanabalalike, zimagwa pamalo aakulu ngati chikhatho basi. Mukaphonya zimapita kuti? Khoma la njerwa zootcha likhoza kuzigwira, koma chitseko cha matabwa, zenera, siling'i, zimaboola ngati pepala. Kuseri kwake kukugona mwana wanu. Mphamvu zimene mumanyadirazo zikathera pamenepo.

Chinandiopsa kwambiri n'chakuti alamu sanawerenge ngakhale zolembedwa pampope wa mfuti yawo. Ndinachita kuyang'ana ndine, mwamwayi inalembedwa 76, kutalika kwa chipolopolo chimene mfutiyo imalola. Ikanalembedwa 70, chipolopolo chachitalicho chikanalowa ndithu, chifukwa chimatalika pamene kukamwa kwake kwatseguka powomba, ndipo pamenepo mphamvu imapanikizika mkati mpaka mfuti itha kuphulikira m'manja. Zimenezi munthu wachilolezo osazidziwa!

Kagwiridwe kakenso si nkhani yovuta. Thako la mfuti likanikizeni zolimba paphewa, pasakhale mpata, chifukwa mpatawo ndi umene umasandutsa kukankha kukhala nkhonya. Tsaya ligunde pamtengo, thupi liweramire kutsogolo, mwendo umodzi patsogolo. Wophunzira muyambitseni ndi zipolopolo zofatsa za njere zing'onozing'ono zosakira mbalame, makutu atatseka, azolowere kaye kulira kwake. Akalimba mtima ndi pamene ayese zimene muzisunga pakhomo, pakatoni, pamtunda wofanana ndi wa m'nyumba mwanu, aone ndi maso ake pamene njere zikugwa. Zikutenga masana amodzi okha. Koma ayi, amuna inu mumafuna mfuti ilire mudzi wonse umve kuti kwa uje kuli bambo. Ndi matama basi, palibenso china.

Gulani chimene wofooka kuposa onse mwa akuluakulu a pakhomo panu angathe kuwomba kawiri osatsinzina. Ngati sangathe, ndalama mwataya, ndipo mwaonjezera ngozi m'nyumba.

Ndiye china. Titabwerako kuchulu, mfuti ija anangoitsamiritsa kuseri kwa chitseko, zipolopolo m'mbale pamwamba pa kabati. M'nyumba muli ana atatu, wamng'ono ali sitandade 2, amakwera pampando kukatenga shuga pakabati pomwepo. Ndalama ya magnum inapezeka, ya bokosi lachitsulo lokhoma ndi loko akuti adikire agulitse soya.