Mapepala akale a boma ku Zomba, Lusaka, Harare ndi Maputo

Aliyense amene anafufuzapo mbiri ya ufumu wa kwawo kapena malire a munda wa agogo ake akudziwa kuti nkhani zoterezi zimathera ku Zomba, ku National Archives. Ambiri sadziwa kuti nkhokwe imeneyi inabadwa mimba imodzi ndi ya ku Lusaka ndi ya ku Harare. Zonse zinachokera ku Central African Archives ya ku Salisbury (Harare wa lero), ndipo nthambi ya ku Zomba inatsegulidwa mu 1947. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitatha mu 1963, aliyense ananyamula mafayilo ake n'kulowera kwawo.

Ife tinayamba ndi tsoka. Mu 1919 moto unapsereza maofesi akulu a boma la atsamunda ku Zomba, zaka zinayi zokha chichitikire nkhondo ya John Chilembwe. Mapepala ambiri a zaka zoyambirira za Nyasaland anasanduka phulusa, choncho wofufuza wa ku Malawi amakakamizika kudalira makalata a amishoni ndi zimene zinasungidwa ku London. Anzathu a ku Harare sanakumane ndi tsoka lotere m'mbiri yawo. Iwo anayamba kusonkhanitsa mu 1935, ndipo popeza likulu linali kwawo, nyumba yabwino ndi akatswiri zinatsalira komweko. Lamulo lawo la 1986 limatsegula mafayilo a boma pakatha zaka 25.

Koma amene ndimawasirira ndi a ku Zambia. Mapepala a chipani cha UNIP, chomwe chinalamulira kuyambira 1964 mpaka 1991, anajambulidwa ndi thandizo la British Library n'kuikidwa pa intaneti. Taganizani, makalata a chipani cholamula, munthu n'kumawerenga uli khale pakhonde ku Mchinji! Nafe tinapindulako ndi thandizo lomwelo pojambula mapepala a mafumu a m'nthawi ya atsamunda, ndipo ndi ntchito yotamandika. Komabe zaka 30 za Kamuzu, zomwe anthu amakanganirana tsiku ndi tsiku pa Facebook, n'zimene zikufunika kuunika kotere.

Ku Mozambique anatsata njira ina. Arquivo Histórico de Moçambique ili pansi pa yunivesite ya Eduardo Mondlane, kotero osunga mapepala ndi ophunzitsa mbiri amadyera mbale imodzi. Vuto ndi chilankhulo ndi mtunda. Mchewa wa ku Angónia wofuna mbiri ya kwawo ayenera kudziwa Chipwitikizi ndi kupita ku Maputo, mwinanso ku Lisbon kumene.

Pa malamulo ndiye tinawatsogolera a ku Zambia. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito kuno mu 2020, pamene iwo anakhazikitsa lawo mu 2023. Funso langa lili pa zolembedwa za lero. Fayilo ya bwanamkubwa ya mu 1930 ikadalipo, chiswe chikaisiya. Nanga uthenga wa pa WhatsApp umene mlembi wamkulu wa unduna watumiza m'mawa uno polamula za ndalama, adzaupititsa ku Zomba ndani?