Migolo ya ku shopu yakale ija isiyeni

Ana anga a kuno ku Salima, wakutsina khutu ndi mnansi, ndiye mundilole ndikutsineni.

Lachiwiri lapitali ndinakumana ndi mayi wina, mwana wa mnzanga amene anatisiya, atamanga mgolo wabuluu pa njinga ya kabaza. Nditamufunsa komwe waugula anangoseka. "Sindinagule agogo, tikungotola ku shopu yakale ija. Ndautsuka katatu ndi sopo ndi mchenga." Ndinauza wakabazayo kuti aime, ndinasuzumira m'kati. M'mphepete mwa pansi, momwe dzanja silifika, munali zinthu zachikasu zouma gwa ngati chikhatha cha mumphika. Akuti azisungiramo madzi akumwa.

Shopu imeneyo nonse mukuidziwa. Mwini wake ankakutira zitsulo kuti ziziwala: mahandulo a njinga, mabampala, miyendo ya mipando. Anatseka n'kuchoka, migolo ndi mathanki zinatsala m'katimo, denga linasasuka, chitseko anyamata anazula. Tsono lero aliyense waona pogwira. Wina akufuna mgolo wa madzi, wina wotcherezera kachasu, wina wosungira chimanga, anyamata a sikirapu akudula mathanki manja ali pamtunda, ana akusewera m'matope achikasu kuseri kwa khoma makolo awo ali phee pakhonde. Kodi mwatani anthu inu?

Sindikulankhula zongomva. Ndili mnyamata ndinagwira ntchito imeneyi ku Bulawayo, ndipo ndikudziwa zimene zimakhala m'mathanki otere. Chitsulo sichiwala chokha. Amayamba achitsuka ndi soda woyaka ndi asidi, kenaka amachimiza m'madzi a mankhwala n'kulumikiza magetsi. Madzi obiriwira aja ndi a nickel. Ofiirira aja, amene akasakanikirana ndi mvula amasanduka achikasu, ndi asidi wa chromium, mtundu woipitsitsa wotchedwa chromium 6. Zoyera ngati mchere zija nthawi zambiri ndi cyanide. Mashopu ena ankagwiritsanso cadmium. Mnzanga amene ankaima pa thanki ya chromium tsiku lonse anabooka kachipupa ka pakati pa mphuno, moti ankalowetsa kaudzu mbali ino n'kutulukira mbali inayo kutiseketsa. Tinkaseka chifukwa cha umbuli. Zala zake zinali ndi tizilonda tozama tosapola. Fumbi ndi nthunzi ya chromium 6 zimayambitsanso khansa ya m'mapapo.

Mawu oti "ndatsuka" ndi amene akundisowetsa tulo. Nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023 tinaphunzira bwino kuwiritsa madzi ndi kuthira klorini, ndipo zinatipulumutsa. Koma zimenezo zimapha tizilombo. Chromium ndi cadmium si tizilombo, ndi zitsulo zosungunuka, sizifa. Ukawiritsa madzi otere, madzi ndi amene amauluka, chiphe chimatsala mumphika chochuluka kuposa poyamba. Mgolo nawo umasunga mankhwalawo m'ming'alu ndi m'dzimbiri, umatulutsa pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, madzi akuoneka oyera mbee. Chikomekome cha mkuyu chimenecho. Inu otcheza kachasu ndiye musayerekeze n'komwe, mudzamwetsa mudzi wonse.

Tsono pali china chimene chandichititsa kulemba lero osadikira mawa. Ndamva kuti anyamata a m'dera lathu agwirizana kuti Loweruka akakonze malowo: akumbe dzenje limodzi, akhuthuliremo zonse za m'migolo, akwirire, zotsala atenthe. Mtima wanu ndi wabwino adzukulu anga, ndipo ndikanakuyamikani ukanakhala msika kapena manda mukufuna kulambula. Koma apa safunsa anadya phula. Cyanide akakumana ndi asidi amatulutsa mpweya umene umapha munthu m'mphindi zochepa. Woyamba kugwa ndi amene ali m'dzenjemo, wachiwiri ndi amene walumphiramo kukamutenga. Musadalire mphuno, anthu ambiri fungo lake salimva. Kamasiki kansalu kamene tinkavala nthawi ya Covid sikatchinga kanthu. Chiphe chimenechi n'chachibale ndi cha m'chinangwa chowawa, chija amayi anu amaviika masiku angapo asanasinje ufa wa kondowole. Mukudziwa mmene munthu amachitira chizungulire n'kusanza akadya chosaviika bwino. M'chinangwa muli pang'ono. Mumgolo muja muli chokhachokha.

Ndipo ngakhale mutapulumuka Lowerukalo, dzenjelo mwakumba kuti? Dothi lathu lino ndi lamchenga, madzi ali pafupi, zitsime zathu zambiri n'zosazama. Mvula ikagwa madzi amasefukira m'makomo n'kutsikira kumadambo ndi kunyanja. Zomwe mwakwirira chaka chino mudzazitunga pachitsime, ndipo zina zidzafika m'minda ya mpunga. Mpunga umakoka cadmium kuchokera m'nthaka. Ku Japan, mgodi wina unatayira cadmium mu mtsinje wa Jinzu umene alimi a m'chigawo cha Toyama ankathirira mpunga. Anthu, makamaka amayi achikulire, anawonongeka impso, mafupa anafewa mpaka kumathyoka pongotsokomola. Nthendayo anaitcha itai-itai, kutanthauza kulira kwa munthu amene akumva ululu, ndipo boma la kumeneko linavomereza mu 1968 kuti gwero lake ndi cadmium, anthu atavutika kale zaka zambiri. Ife amene mpunga wa ku Lifuwu ndi nsomba za ku Senga Bay ndiye chakudya chathu ndi ndalama zathu, nkhani imeneyi isatipite pambali.

Ntchito yochotsa zinthu zotere ili ndi eni ake. Amabwera atavala thupi lonse, amayeza mgolo uliwonse n'kuulemba, amaika asidi kutali ndi cyanide. Cyanide amamupha mphamvu ndi mankhwala ake, chromium 6 amamusandutsa mtundu wofooka kenaka n'kuthira laimu kuti adikhe pansi ngati matope, matopewo amawatsekera n'kupita nawo kumalo oyenera. Dothi lodetsedwa amalifukula, zitsime zoyandikana amaziyeza. Palibe chimodzi mwa izi chimene chingatheke ndi khasu ndi wilibala. Lamulo la zachilengedwe la 2017 linakhazikitsa bungwe la MEPA loyang'anira zimenezi, ku khonsolo ya boma kuli mkulu woona zachilengedwe, ndipo mlangizi wa zaumoyo tili naye m'mudzi momwe muno. Lamulolo limati wowononga ndiye alipire, choncho mwini shopu uja afunidwe komwe ali. Mphamvu zanu anyamata zipite pa kuzinga malowo ndi minga, kulemba chikwangwani, ndi kuperekeza amfumu kukanena. Akachedwa kuyankha, bwereraninso mawa lake. Amfumu, ndi ulemu wonse, liwu lanu pamenepa likufunika, ana akumvera inu kuposa ine.

Wina akakhudza mankhwalawo, muvuleni zovala, mutsireni madzi ambiri pakhungu kapena m'maso kwa mphindi 20, ndipo thamangani naye kuchipatala n'kuwauza adokotala komwe anali. Akameza, musamusanzitse, musatayenso nthawi ndi mkaka kapena mankhwala achikuda. Akakomoka m'katimo, musalowe chigulu kukamutenga osatsegula kaye ponse kuti mphepo ipite.

Amene munatenga kale migolo, musaitaye kudambo usiku chifukwa cha manyazi, musaigulitsenso kwa mnzanu wa mudzi wina. Vindikirani, ikani patali ndi ana ndi ziweto, muuze amfumu kuti uli kwa inu. Chimanga chimene munasungiramo musadye, musapatsenso nkhuku.

Mgolo wa mayi uja uli kuseri kwa nyumba yanga, ndaulemba ndi makala kuti POIZONI. Anachoka akung'ung'udza za ndalama ya kabaza imene wataya, ndiye ndinamupatsa ndowa zanga ziwiri.