Makolo a ku Kasungu, ana akuthera m'magemu ife tili chete

Makolo anzanga a pa boma, ku Chinkhoma, ku Santhe mpaka ku Nkhamenya, tamverani kuno. Ana athu akuchoka pakhomo m'mamawa atatchena yunifolomu, koma m'kalasi sakufikamo. Akukathera m'tizipinda takuseri kwa magolosale momwe muli TV ndi PlayStation. Kasuzumirenimo cha m'ma 10 koloko m'mawa mukaone: zikwama zaunjikidwa pakona, malaya a sukulu avulidwa n'kupindidwa kuti asadziwike, anyamata apanikizana pabenchi, maso ali tong'o pa mpira wa FIFA. Magetsi akathima mwini malo amangoliza jenereta, gemu n'kupitirira.

Nanga ndalama akuzitenga kuti? Kwa ife tomwe. Ya mandasi ija, ya kope ija, mwinanso chenji cha kuchigayo. Fodya akagulidwa ku okushoni, bambo amagulira mwana foni yaikulu ati ndi ya sukulu, bandulo n'kumamuikira pa Airtel Money kapena Mpamba osafunsa kuti ikutha bwanji masiku awiri okha. Mwana amachezera kuwomberana pagemu atafunda bulangete kumutu, kukacha n'kumakasinza pamaso pa aphunzitsi. Musati ndi zachibwana chabe: mu 2019 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaika chizolowezi chosalamulirika cha magemu m'gulu la matenda.

Chondinyansa ine n'chakuti zotsatira za MANEB zikatuluka, dzina la mwana palibe, ndi pomwe timathamangira kusukulu kukalalatira aphunzitsi. Chonsecho kumsonkhano wa makolo sitipondako, lipoti la teremu sitiliwerenga, ena sitidziwa n'komwe dzina la mphunzitsi wa mwana wathu. Wa Sitandade 8 akaphonya kusankhidwira ku sekondale, fizi ya pulayiveti mudzaitenga kuti ndi mitengo ya feteleza ilipoyi?

Foni izigona kuchipinda kwanu, osati kwa mwana. Pitani kusukulu mwadzidzidzi mukaone kaundula ngati amafikadi. Kusewera asewere Loweruka, homuweki ndi ntchito zapakhomo zitatha. Ndipo mukaona wa neba akulowa m'magemu nthawi ya sukulu, musati si wanga. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, kawauzeni makolo ake tsiku lomwelo.

Inunso eni magemu, bizinesi sitikukuletsani, koma manyazi muzikhala nawo. Mumalandira bwanji ndalama kwa mwana woberekera chikwama Lachiwiri m'mawa? Tikapezanso wa yunifolomu ali mwanumo, ife ndi a komiti ya sukulu tikakumana nanu kwa amfumu.